Mutare: Mzinda Umene Chuma Chimangodutsa

Kunja pang'ono kwa mzinda wa Mutare kuli malo otchedwa Feruka. Pamalopa pali mathanki akuluakulu a mafuta, ndipo paipi yochokera ku doko la Beira, yotalika makilomita pafupifupi 300, imathira petulo ndi dizilo pomwepa asanapitirire ku Msasa mu Harare. Mafuta ambiri amene amayendetsa Zimbabwe amadutsa pansi pa nthaka ya Mutare. Koma Feruka sanamangidwe kuti akhale malo osungirako chabe. Panali fakitale yoyenga mafuta imene makampani monga Shell, BP, Mobil, Caltex ndi Total anamanga mothandizana, ndipo inayamba ntchito mu 1965. Sinakwanitse ngakhale chaka. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia popanda chilolezo cha Britain, mafuta analetsedwa kulowa, ndipo mu Januwale 1966 makina anazima. Zombo zankhondo za Britain zinalondera nyanja ya ku Beira mpaka 1975. Fakitaleyo sinayengenso mafuta mpaka lero.

Mutare ndi khomo la Zimbabwe lotulukira kunyanja komanso likulu la chigawo cha Manicaland. Wazunguliridwa ndi nkhalango za paini ndi bulugama, minda ya tiyi, migodi ya golide ya ku Penhalonga, ndipo kuyambira 2006 miyala ya dayamondi ya ku Marange. Mzinda wokhala ndi zonsezi sunayenera kudalira kaunjika wa ku Mozambique ndi anyamata osintha ndalama m'misewu, komabe ndi mmene zilili. Pofuna kumvetsa kufota kwake ndiika pamodzi atsogoleri awiri amene njira zawo zinakumana pa nkhani ya mafuta: Muammar Gaddafi wa ku Libya ndi Robert Mugabe. Anthu amakonda kukamba zachilendo zimene awiriwa ankachita. Ine ndikuona kuti choopsa chenicheni chinali chakuti chuma cha pansi pa nthaka chinkalowa m'manja mwa wolamulira popanda munthu wololedwa kuchiwerengera, ndipo zachilendozo zinakula chifukwa cha zimenezo.

Libya italandira ufulu pa 24 Disembala 1951 inali m'gulu la maiko osaukitsitsa padziko lonse. Zina mwa zinthu zimene inkagulitsa kunja zinali udzu wopangira mapepala ndi zitsulo zakutha za zida zimene zinatsala m'chipululu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Mu 1959 kampani ya Esso inapeza mafuta ochuluka ku Zelten, ndipo pofika 1970 dzikoli linkapopa migolo yoposa 3 miliyoni pa tsiku pamene anthu ake anali pafupifupi 2 miliyoni okha. Gaddafi analanda boma kwa Mfumu Idris pa 1 Seputembala 1969 ali ndi zaka 27. Anapeza ndalama zikulowa kale.

Zaka zoyambirira anachita zinthu zimene sitingazikane. Anatseka misasa ya asilikali a Britain ndi America mu 1970. Anakakamiza makampani a mafuta, kuyambira ndi Occidental, kukweza mtengo ndi gawo la boma, ndipo maiko ena a OPEC anatengerapo chitsanzo. Anamanga sukulu, zipatala ndi nyumba, ana a oweta ngamila nkufika ku yunivesite. Mu 1984 anayamba ntchito yaikulu yokoka madzi a pansi pa chipululu cha Sahara kupita nawo kumizinda ya m'mphepete mwa nyanja. Anthu a mu Africa muno amene amamukumbukira mwachikondi amatchula zimenezi, ndipo sanama.

Koma ndalama zomwezo zinamumasula kwa anthu ake. Boma lodalira msonkho wa nzika limayenera kuzinyengerera, chifukwa mlimi kapena wamalonda akakwiya thumba la boma limamva. Boma la Gaddafi silinkasowa msonkho wa munthu: mafuta ankabweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja ndi gawo lalikulu la ndalama za boma. Choncho ganizo lililonse limene lamufikira linkasanduka lamulo. Zipani zinaletsedwa mu 1972 ndipo chilango chake chinali imfa. Mu 1977 analengeza kuti dziko tsopano ndi Jamahiriya, lolamulidwa ndi misonkhano ya anthu wamba motsatira buku lake lotchedwa Green Book, iye nkumati alibe udindo ulionse, pamene makomiti omuteteza ankagwira anthu ndi kupachika ena poyera, kuphatikizapo ophunzira a pa yunivesite. Analetsa kuchititsa lendi nyumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anatseka masitolo a anthu wamba nkuika masitolo a boma amene kawirikawiri munalibe katundu. Anasintha maina a miyezi ndi kawerengedwe ka zaka. Anatumiza asilikali kukathandiza Idi Amin mu 1979, ndipo ku Chad anagonja mochititsa manyazi mu 1987. Ndege itaphulitsidwa ku Lockerbie mu 1988 nkupha anthu 270, bungwe la United Nations linaika zilango pa Libya mu 1992. Mu Juni 1996 akaidi pafupifupi 1,200 anaphedwa m'ndende ya Abu Salim ku Tripoli, ndipo mabanja awo anatha zaka akupititsa chakudya ndi zovala kwa anthu amene anali atafa kale.

Hema amene ankayenda naye kunja, asilikali aakazi omulondera, ndi kulankhula kwa ola limodzi ndi theka ku United Nations mu 2009 ndi zimene makamera ankajambula. Kuseri kwake kunalibe nyumba ya malamulo yoti ifunse nduna, kunalibe nyuzipepala yoti iunike mabuku a kampani ya mafuta ya boma, kunalibe khoti loti limuuze kuti apa ayi. Ngakhale gulu la asilikali analifooketsa dala, mphamvu nkuzipereka kwa magulu otsogozedwa ndi ana ake ndi anthu a fuko lake.

Ataona kuti maiko a Chiarabu amusiya yekha pa nthawi ya zilango, Gaddafi anatembenukira ku Africa. Msonkhano wa ku Sirte wa pa 9 Seputembala 1999 ndi umene unabala African Union. Nthawi yomweyo ndi imene Zimbabwe inayamba kusowa mafuta.

Paipi ya ku Beira inali itatsegulidwanso mu 1982, tsopano yonyamula mafuta oyenga kale. Zigawenga za Renamo zinkaiphulitsa, ndipo Zimbabwe inatumiza asilikali masauzande ambiri kukalondera paipi, njanji ndi msewu mpaka nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992. Midzi ya m'malire m'chigawo cha Manicaland inkaukiridwa usiku. Dziko linakhetsa magazi kuti mafuta aziyenda, koma chimene chinadzawaumitsa chinachokera m'maofesi a ku Harare. Pa 14 Novembala 1997 dola ya Zimbabwe inagwa ndi maperesenti oposa 70 tsiku limodzi, boma litalonjeza omenyera ufulu Z$50,000 aliyense popanda kuziika m'bajeti. Mu Ogasiti 1998 Mugabe anatumiza asilikali ku Congo. Kampani ya boma yogula mafuta, NOCZIM, inali itamira m'ngongole, mbali ina chifukwa boma linkaikakamiza kugulitsa pamtengo wotsika kuposa wogulira, mbali ina chifukwa cha katangale, ndipo nduna yoona za mafuta, Enos Chikowore, inatula pansi udindo mu 2000. Kuyambira kumapeto kwa 1999 galimoto zinayamba kugona pamizere, ngakhale ku Mutare komwe paipi imalowera.

Mu Julayi 2001, msonkhano wa OAU utatha ku Lusaka, Gaddafi analowa m'Zimbabwe pamsewu ndi mdipiti wa galimoto zambirimbiri. Posakhalitsa kunamveka za mgwirizano wa madola a ku America 360 miliyoni pachaka. Kampani ya Tamoil inayenera kupereka pafupifupi maperesenti 70 a mafuta a dzikolo pa ngongole ya banki ya boma la Libya, ndipo Zimbabwe inayenera kubweza ndi ndalama yakeyake, nyama ya ng'ombe, zokolola zina ndi masheya. A ku Libya anatenga masheya mu banki ya CBZ ndi mu kampani ya mahotela ya Rainbow Tourism Group, ndipo manyuzipepala a nthawiyo analemba kuti maso awo anali pa paipi yochokera ku Feruka kupita ku Msasa. Mgwirizanowu unathandiza Mugabe kudutsa chisankho cha Malichi 2002 galimoto zikuyenda. Koma ng'ombe za m'mafamu zinali zikutha chifukwa cha kulanda minda, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anatseka msika wa nyama wa ku Ulaya mu 2001, ndipo ndalama zakunja kunalibe. Pofika kumapeto kwa 2002 mafuta a Tamoil anali atayamba kuduka chifukwa cha ngongole yosabwezedwa, mizere nkubwerera. Unali mgwirizano wa anthu awiri, womangidwa pa ubwenzi wawo, ndipo nzika za maiko onse awiri zinamva tsatanetsatane wake kudzera m'mphekesera ndi m'zimene atolankhani anafukula.

A ku Malawi safunika kuuzidwa zambiri za malonjezo otere. Gaddafi anabwera mu Julayi 2002, nthawi ya Bakili Muluzi, ndi mdipiti womwewo. Chipatala chimene analonjeza pa Kameza mu Blantyre chinaima pa zipupa. Bingu wa Mutharika ndi amene analowa m'malo mwake pa upampando wa African Union mu Januwale 2010, ndipo mu Epulo 2011 boma la Malawi linathetsa ubale wake ndi boma la Gaddafi.

Mu 2007, njala ya mafuta itafika pachimake, kunachitika nkhani imene anthu ambiri amaisimba moseka, ngakhale imasonyeza bwino kudwala kwa boma. Sing'anga wina, Rotina Mavhunga, ananena kuti mizimu ikutulutsa dizilo woyenga kale m'thanthwe la m'mapiri a Maningwa pafupi ndi Chinhoyi. Boma linatumiza nduna zitatu zazikulu, Didymus Mutasa, Sydney Sekeramayi ndi Kembo Mohadi, kukaona. Zithunzi zinaonetsa akuluakulu atavula nsapato, akuomba m'manja. Mayiyo anapatsidwa ndalama ndi munda. Pambuyo pake zinadziwika kuti dizilo ankachokera m'thanki yobisika kudzera m'paipi, ndipo khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wachinyengo. Zimbabwe ili ndi akatswiri a miyala ndi a mafuta ophunzira bwino kwambiri, ndipo aliyense wa iwo ankadziwa kuti dizilo amatuluka m'fakitale ngati ya ku Feruka osati m'mwala. Vuto linali lakuti mawu a katswiri analibenso njira yofikira kwa wolamulira, ndipo nduna zinazolowera kupita nazo kwa bwana nkhani zokhazo zimene angasangalale nazo.

Chomvetsa chisoni nchakuti pa nthawi yomweyo chuma chenicheni chinali chitatuluka m'nthaka, makilomita pafupifupi 100 kumwera chakumadzulo kwa Mutare. Chilolezo chofufuzira miyala cha kampani ya De Beers ku Marange chinatha mu 2006, kampani ya African Consolidated Resources nkutenga malowo, boma nkuithamangitsa. Mbiri itamveka kuti ku Chiadzwa, m'dera la Marange, dayamondi akupezeka pamwamba penipeni, wotoleka ndi fosholo ndi sefa, anthu masauzande ambiri anakhamukirako: aphunzitsi osiya sukulu, ana a sukulu osiya mabuku, anamwino, asilikali othawa ntchito. Ankatchedwa magweja, ndipo mwala wosasalala ankautchula kuti ngoda. Mpofunika kukumbukira nyengo yake. Boma lenilenilo linalengeza kuti pofika mu Julayi 2008 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi maperesenti 231 miliyoni pa chaka. Malipiro a mphunzitsi sankakwana kugula buledi wa sabata. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000. Munthu amene anapita ku Chiadzwa sanapite chifukwa cha dyera lokha.

Kwa zaka ziwiri Mutare anaoneka ngati wadzuka. Ndalama za ku America ndi za ku South Africa zinayamba kuyenda m'manja boma lisanazivomereze, galimoto zatsopano zinadzaza m'tauni, lendi inakwera. Ogula ochokera ku Lebanon, ku West Africa ndi kwina anakhazikika mu Mutare, ndipo atathamangitsidwa anangowoloka malire a Forbes nkukatsegula malonda awo ku Manica, tsidya la Mozambique. Zinali ndalama zopanda msonkho, zopanda fakitale, zopanda ntchito yokhalitsa, komabe zinkafika kwa mayi wogulitsa chakudya ndi kwa mnyamata wa minibasi.

Kumapeto kwa Okutobala 2008 boma linatumiza asilikali ndi ndege za helikopita pa ntchito imene anaitcha Operation Hakudzokwi. Lipoti la Human Rights Watch la mu Juni 2009 linati anthu oposa 200 anaphedwa m'masabata ochepa, ndipo linafotokoza za kumenyedwa, kulumitsidwa ndi agalu, kugwiriridwa kwa amayi, ndi anthu okakamizidwa kukumba kuti asilikali apindule. Mitembo inadzaza nyumba yachisoni ya chipatala cha Mutare. Boma linakana kuti kunaphedwa anthu. Farai Maguwu, mkulu wa bungwe la Centre for Research and Development la mu Mutare momwemo, anamangidwa mu Juni 2010 atapereka umboni kwa nthumwi ya Kimberley Process, bungwe loyang'anira malonda a dayamondi padziko lonse, ndipo anakhala m'chitokosi masabata angapo.

Kenako kunabwera makampani: Mbada Diamonds, Canadile imene inadzakhala Marange Resources, Anjin, Diamond Mining Corporation, Jinan ndi ena. Boma linali ndi gawo mwa onsewa, ndipo ena ankatsogozedwa ndi anthu ochokera m'gulu la asilikali. Anjin inali mgwirizano wa kampani yogwirizana ndi asilikali a Zimbabwe ndi kampani ya ku China ya AFECC, yomweyo imene dzina la mahotela ake a Golden Peacock limadziwika ku Lilongwe. Ku Mutare nakonso inamanga hotela ya dzina lomwelo. Mabanja oposa 1,000 anachotsedwa ku Chiadzwa nkukaikidwa pa famu ya boma ya ARDA Transau pafupi ndi Odzi, banja lililonse nkupatsidwa madola 1,000 ndi nyumba, koma ndi malo ochepa olima ndi odyetsera ziweto. Anasiya manda a makolo awo ndi mitengo ya malambe imene ankapezerapo ndalama. Madzi a m'mitsinje ya Odzi ndi Save anada ndi matope a m'migodi.

Nanga ndalama zinapita kuti? Apa ndi pamene nkhani ya Marange ikufanana kwambiri ndi ya Libya. Mu Novembala 2011 Kimberley Process inalola kuti miyala ya ku Marange izigulitsidwa poyera. Nduna ya zachuma ya boma la mgwirizano, Tendai Biti, inaika m'bajeti ya 2012 madola 600 miliyoni ochokera ku dayamondi. Pofika pakati pa chaka zimene zinalowa zinali kachigawo kochepa chabe, ndipo anakakamizika kudula bajeti yonse. Nduna ya zachuma ya dziko inkadandaula poyera kuti sikudziwa kuchuluka kwa miyala yogulitsidwa kapena mtengo wake. Bungwe la Partnership Africa Canada linati mu 2012 kuti pafupifupi madola 2 biliyoni anali atasowa kuyambira 2008. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yotsogozedwa ndi Edward Chindori-Chininga, phungu wa ZANU-PF yeniyeniyo, inaletsedwa kangapo kulowa m'migodimo, ndipo lipoti lake la mu Juni 2013 linaonetsa kusiyana kwakukulu pakati pa zimene makampani ankati apereka ndi zimene thumba la boma linalandira. Patapita masiku ochepa phunguyo anafa pa ngozi ya galimoto. Thumba la chitukuko cha anthu a ku Marange ndi Zimunya, limene Mugabe anakhazikitsa mu 2012 ndi lonjezo la madola 50 miliyoni, linalandira pafupifupi 400,000, ndipo makampani ena anauza aphungu kuti sanalonjeze chilichonse.

Mu Febuluwale chaka chomwecho cha 2012, Mugabe anachitira phwando la zaka 88 pa bwalo la Sakubva, pakati pa nyumba zakale zimene atsamunda anamangira amuna osakwatira, zimene tsopano chipinda chimodzi mumagona mabanja. Patapita zaka zinayi, mu Malichi 2016, iye mwini ananena pa wailesi ya kanema kuti makampani anapeza pafupifupi madola 15 biliyoni pamene boma silinalandire ngakhale 2 biliyoni. Akatswiri ambiri a malonda a dayamondi amati chiwerengero cha 15 biliyoni nchokokomeza. Koma nkhani yagona pomwepo: mtsogoleri amene analamulira dziko zaka 36, amene asilikali ake ankalondera mpanda wa migodiyo ndipo nduna zake zinkapereka ziphaso, sankatha kutchula chiwerengero chimene munthu angachitsimikize, chifukwa dongosolo lonse linakonzedwa kuti pasakhale buku loonekera. Makampani anathamangitsidwa mu Febuluwale 2016, kampani ya boma ya ZCDC nkutenga malo, miyala yosavuta ya pamwamba itatha kale. Anjin inabwereranso Mugabe atachoka.

Pamene zonsezi zinkachitika, mafakitale amene ankalemba anthu ntchito yokhazikika ankafa limodzi ndi limodzi. Mutare Board and Paper Mills, imene inkapanga mapepala a nyuzipepala za dziko lonse, inaima. Karina Textiles inatseka. Fakitale ya magalasi inatseka. Cairns, yoika zipatso ndi nyemba m'zitini, ndi Border Timbers zinaikidwa m'manja mwa oyang'anira osankhidwa ndi khoti. Quest Motors, imene inkalumikiza galimoto kuyambira zaka za m'ma 1960, inatsala ndi ntchito yochepa kwambiri. M'dera la mafakitale la Nyakamete nyumba zambiri zinasanduka mosungiramo katundu wochokera kunja, zina matchalitchi. Sindikunena kuti dayamondi ndiye anapha mafakitale amenewa. Ndondomeko ya zachuma ya ESAP ya zaka za m'ma 1990 inawavulaza poyamba, kulowerera kwa anthu m'nkhalango zodzala ndi moto wolusa kunachepetsa matabwa, lamulo la 2007 lodula mitengo ya zinthu pakati linakhuthula masitolo, ndipo kuzima kwa magetsi ndi kufooka kwa njanji zinamaliza. Chimene ndikunena nchakuti mzinda unapatsidwa mwayi wachiwiri ndipo unaulandidwa. Miyala inkanyamulidwa pa ndege kuchokera ku Chiadzwa kupita ku Harare. Kusankha, kuyesa mtengo ndi kugulitsa zinkachitikira kumeneko. Mutare anatsala ngati mayi wa pa mtondo amene wasinja chimanga cha mwini nkubwerera kwawo ndi gaga wa m'nsalu.

Ku Botswana dayamondi yemweyo anatsata njira ina. Boma lili ndi theka la kampani ya Debswana, ndalama zimalowa m'bajeti imene aphungu amakambirana, ndipo mu 2013 De Beers inasamutsa malonda ake aakulu kuchoka ku London kupita ku Gaborone. Botswana ili ndi mavuto ake, makamaka ulova ndi kudalira chinthu chimodzi, koma nzika yake ikhoza kufunsa kuti chaka chatha kunalowa zingati nkupatsidwa yankho.

Pali gulu limodzi limene kugwa kumeneku kunalimenya kawiri, ndipo ndi abale athu. Kuyambira nthawi ya atsamunda amuna ochokera ku Nyasaland ndi ku Tete ankagwira ntchito m'migodi ya ku Penhalonga, m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi Chipinge, m'macheka a matabwa, pa njanji ndi m'nyumba za azungu za mu Umtali, dzina lakale la Mutare. Ana ndi zidzukulu zawo anabadwira ku Sakubva ndi m'makomboni a m'mafamu. Mzimbabwe wina fakitale ikatseka ankabwerera kumudzi kukalima. Awa analibe mudzi wobwererako. Lamulo la unzika la 2001 linalanda ambiri a iwo ufulu wovota pongowaganizira kuti angakhale nzika za dziko la makolo awo, ndipo pa ziphaso zawo panalembedwa kuti ndi alendo. Mafamu atalandidwa anataya ntchito ndi pogona nthawi imodzi. Mu 2005 Operation Murambatsvina, imene nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inati inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena pogwirira ntchito, inagwetsa tinyumba ndi misika ya ku Sakubva, anthu nkuuzidwa kuti apite kumidzi kwawo. Malamulo aakulu a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo kwa makolo a m'maiko a SADC, koma okalamba amene anagwira ntchito zaka makumi atatu anali ataona kale penshoni zawo zikusungunuka ndi ndalama yakale.

Otsatira atsogoleri awiriwa amayankha kuti zonsezi nchifukwa cha zilango za azungu. Mfundoyi ili ndi mbali yoona. Fakitale ya ku Feruka inafadi ndi zilango, Libya inavutikadi pakati pa 1992 ndi 1999, dziko la America linaikadi zilango pa Mbada ndi Marange Resources, ndipo mabomba a NATO a mu 2011 anasiya Libya yopanda dongosolo la mawa. Amene amadzudzula NATO pa zimenezi sakulakwa. Koma zilango zinasandukanso chophimba. Boma la Harare linkati silingaulule ogula miyala kapena mtengo wake kuopa adani, ndipo chinsinsi chimenecho chinkabisira nduna yake yomwe ya zachuma. Palibe mzungu amene analetsa aphungu kulowa ku Chiadzwa, ndipo palibe mzungu amene anawombera akaidi a ku Abu Salim.

Kuchoka kwa munthu mmodzi sikunachize maiko awiriwa. Gaddafi anaphedwa ku Sirte pa 20 Okutobala 2011, boma la Mugabe litathamangitsa kale kazembe wa Libya ku Harare chifukwa chogwirizana ndi oukira. Popeza kwa zaka 42 anali atagwetsa chilichonse chimene chikanaima popanda iye, dziko linatsala m'manja mwa magulu a mfuti. Lero Libya, imene ili ndi mafuta ochuluka m'nthaka kuposa dziko lina lililonse mu Africa, pafupifupi migolo 48 biliyoni, ili ndi maboma awiri olimbirana banki yaikulu ndi madoko a mafuta. Mu Seputembala 2023 madamu awiri osakonzedwa kwa zaka zambiri anagumuka ku Derna nkupha anthu oposa 4,000. Mugabe anatula pansi udindo pa 21 Novembala 2017 asilikali atamutembenukira. Mu Januwale 2019 boma latsopano linakweza mtengo wa mafuta ndi maperesenti oposa 150, anthu atachita zionetsero asilikali anawombera ndi kupha ena. Ndalama yasinthidwa kangapo, mpaka ZiG ya mu Epulo 2024. Mu 2023 makampani akuluakulu a boma, kuphatikizapo NOIC imene imayendetsa mathanki a ku Feruka, anaikidwa pansi pa thumba la Mutapa Investment Fund, limene linachotsedwa pa lamulo loyendetsa kagulidwe ka zinthu za boma. Zimbabwe mpaka pano sinalowe m'bungwe la EITI, limene limakakamiza maboma kuulula zimene amalandira kuchokera kumigodi.

Dziko la Malawi linalowa m'bungwe limeneli mu 2015, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Zida zoterezi anthu a ku Marange sanapindule nazo. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga watsegulidwanso, ntchito ikukonzedwa ku Kangankunde m'boma la Balaka, ku Kasiya m'boma la Lilongwe ndi ku Songwe Hill ku Phalombe, ndipo ziphaso zofufuzira mafuta pa nyanja ya Malawi zinayamba kuperekedwa mu 2011. Atolankhani, aphungu, mafumu ndi a mipingo, itanitsani mapangano a migodi imeneyi kuti asindikizidwe onse, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, pamodzi ndi maina a eni masheya enieni, matani otuluka ndi ndalama zolowa m'thumba la boma chaka ndi chaka. Chitani zimenezi tsopano, pamene migodi yambiri ikadali pa mapepala ndipo palibe msilikali amene waikidwa pa chipata chake.